Kutitimira

Kutitimira n'kosiyana ndi kumira. Chomira chimabisika m'madzi, koma chotitimira chimaoneka ndithu: matayala alowa m'matope, akungozungulira pamodzimodzi, galimoto osasuntha. Kwa Dzoole, m'boma la Dowa, mawuwa amamveka kwambiri kuyambira Disembala mpaka Malichi, pamene misewu yafumbi imafewa, makamaka podutsa m'madambo. Ngolo yodzaza feteleza imatitimira. Munthu nayenso amati watitimira m'ngongole.

Galimoto ikatitimira imafunika kukokedwa, ndipo ngozi imayambira pamalo omangapo chingwe. Bampala imazuka. Kachitsulo kobulungira kokokera ngolo kumbuyo kangathe kuthyoka n'kuuluka ngati chipolopolo, ndipo kanaphapo anthu m'maiko ena. Malo oyenera ndi ngowe yolimba imene opanga galimoto anaimangirira ku chasisi.

Magalimoto ang'onoang'ono ambiri ochokera ku Japan amabwera ndi chitsulo cha mphete chopotera pabowo lobisika m'bampala. Chimenechi n'chokokera pang'onopang'ono, osati mwadzidzidzi. N'chifukwa chake madalaivala odziwa amayamba afukula matope ndi khasu, n'kuyala nthambi kunsi kwa matayala, kenako n'kuuza ana ndi onse oonerera kuti atalikire chingwe asanayambe kukoka.