Kulowa usilikali ngati woyimba: zofunika kuti achinyamata a ku Mwanza adziwe

Pa miyambo ikuluikulu ya boma, monga chikondwerero cha ufulu pa 6 July, kutsegulira kwa Nyumba ya Malamulo komanso kulandira atsogoleri a mayiko ena, bandi ya asilikali a Malawi Defence Force (MDF) ndiyo imatsogolera perete ndi kuyimba nyimbo ya fuko, imene adapeka Michael Sauka. M'mwezi wa November bandiyi imayimbanso pa mwambo wokumbukira asilikali amene adafera ku nkhondo. Achinyamata a m'boma la Mwanza amene ali ndi luso la zoyimbayimba akhoza kupeza ntchito m'bandiyi, koma ayenera kudziwa kuti woyimba wa bandiyi ndi msilikali choyamba, kuyimba kumabwera pambuyo.

Mbiri ya bandi za asilikali m'dziko muno idayamba ndi gulu la King's African Rifles (KAR), limene lidakhazikitsidwa mu 1902 ndipo linali ndi kambi yake ku Zomba. Asilikali amene adabwerako ku nkhondo ya 1914 mpaka 1918 adafalitsa m'midzi kagubidwe ndi kayimbidwe ka perete, zomwe zikuonekabe m'magule a malipenga, mganda ndi beni. Dziko litalandira ufulu mu 1964, gulu la KAR la ku Zomba lidasanduka 1st Battalion Malawi Rifles, ndipo mu 2004 dzina loti Malawi Army lidasintha kukhala Malawi Defence Force.

Wofuna kuyimba m'bandi amayesedwa ndi muyeso womwewo wa aliyense wofuna usilikali. Ayenera kukhala nzika ya Malawi, wa zaka zosachepera 18, wokhala ndi setifiketi ya MSCE, wathanzi labwino ndiponso wopanda mbiri yoti khoti lidamupezapo wolakwa pa mlandu. Malire a zaka, msinkhu wofunika ndi maphunziro amene munthu ayenera kukhoza bwino zimalembedwa m'chilengezo chimene MDF imatulutsa nthawi yolemba ntchito, choncho chilengezocho ndicho choyenera kutsatidwa. Khomo ndi lotsekuka kwa amuna ndi akazi omwe.

Popeza Mwanza ali m'malire ndi dziko la Mozambique, ndipo mabanja ambiri ali ndi abale ku Zobue ndi madera ena a chigawo cha Tete, nkhani ya unzika ndi yofunika kuisamalira. Wopempha ntchito akhale ndi chiphaso cha unzika cha National Registration Bureau, ndipo dzina ndi tsiku lobadwa zifanane ndi zimene zili pa setifiketi ya sukulu.

Amene asankhidwa amayamba ndi maphunziro a usilikali a miyezi pafupifupi 6. Sukulu yaikulu ya maphunzirowa ndi Malawi Armed Forces College (MAFCO) ya ku Salima. Kumeneko amaphunzira kuguba, kugwiritsa ntchito mfuti, kulimbitsa thupi, mwambo ndi malamulo a usilikali. Luso la lipenga silipeputsa gawo lililonse la maphunzirowa.

Ntchito ya m'bandi imafuna zambiri kuposa khutu lakuthwa. Woyimba ayenera kudziwa kuwerenga manotsi, kusamala chida chake, kaya ndi lipenga, chitoliro kapena ng'oma, ndi kuyimba akuguba popanda kuphonya phazi, chifukwa perete yonse imatsatira kugunda kwa ng'oma yaikulu. Ichi n'chifukwa chake mayiko ena adakhazikitsa sukulu zapadera. Ku Britain, sukulu ya oyimba a usilikali idatsegulidwa ku Kneller Hall mu 1857 ndipo idakhala pamalopo mpaka 2021. Kuno kwathu, wachinyamata akhoza kukonzekera kudzera m'makwaya ndi m'mabandi a mipingo, ku Music Crossroads Academy ku Lilongwe kapena ku University of Malawi ku Zomba, kumene amaphunzitsa zoyimbayimba.

Woyimba amalandira malipiro ndi kukwezedwa pa udindo monga msilikali wina aliyense, amamvera malamulo a usilikali, ndipo akhoza kutumizidwa kulikonse kumene gulu lamufuna, kaya ku Kamuzu Barracks ku Lilongwe, Cobbe Barracks ku Zomba kapena Moyale Barracks ku Mzuzu.

Kupempha ntchito ya usilikali n'kwaulere. Nthawi yolemba asilikali pamapezeka akathyali amene amauza makolo kuti apereke ndalama kuti mwana wawo apeze malo, ndipo banja lingathe kutaya ndalama zonse za manachesi a chaka chathunthu mwa njira imeneyi. Ofesi ya bwanamkubwa, mafumu, makhansala ndi aphunzitsi aakulu a sukulu za sekondale ali ndi udindo wofikitsa chilengezo chenicheni ku madera akutali monga Thambani ndi Kunenekude nthawi isanathe, ndi kulangiza anthu kuti aliyense wofuna ndalama m'dzina la MDF akamunenere ku polisi.