Mayi Mary McLeod Bethune, Mphunzitsi wa ku Daytona

M'nkhani yathu ya mbiri yakale lero tiwoloka nyanja yamchere kunka ku America, kuti timve za mphunzitsi amene anayamba ntchito yake m'kanyumba ka lendi, m'tauni yaing'ono ya Daytona, m'chigawo cha Florida. Dzina lawo ndi Mayi Mary McLeod Bethune.

Mayiwa anabadwa pa 10 Julayi 1875 pafupi ndi Mayesville, m'chigawo cha South Carolina. Makolo awo, a Samuel ndi a Patsy McLeod, anakulira mu ukapolo, umene unathetsedwa m'dzikomo m'chaka cha 1865. M'banjamo munabadwa ana 17, ndipo Mary anali wa nambala 15. Ubwana wake unathera m'munda wa thonje. Iye mwini atakula ankasimba kuti tsiku lina, ataperekeza amayi ake kukatula zovala zochapa kunyumba ya azungu, anatola buku, koma mwana wa m'nyumbamo anamuletsa, namukumbutsa kuti iye sadziwa kuwerenga. Mawu amenewo sanamuchoke mumtima.

Mwayi unadza pamene mpingo wa Presbyterian unatsegula sukulu ya ana akuda ku Mayesville, mphunzitsi wake ali Mayi Emma Wilson. Mary ankayenda mamailosi 5 kunka kusukuluko, ndipo madzulo ankasonkhanitsa abale ake ndi kuwaphunzitsa zimene wamva tsikulo. Mayi Wilson ataona khama la mtsikanayu anamupezera thandizo la fizi, lochokera kwa mayi wina wosoka zovala wa ku Colorado amene sanali mbale wake konse. Chotero m'chaka cha 1888 Mary anapita ku Scotia Seminary, ndipo pambuyo pake anakaphunzira za Baibulo ku sukulu ya Moody mumzinda wa Chicago.

Cholinga chake chinali chakuti adze ku Africa kudzatumikira monga mmishonale. Koma atapempha m'chaka cha 1895, akuluakulu a mishoni anamuyankha kuti analibe malo a mmishonale wakuda. Omvera, taganizani kuwawa kwake, mwana wa Africa kukanizidwa kunka kwa makolo ake chifukwa cha khungu lomwelo limene anatengera kwa iwo. Mary sanakhale pansi ndi kulira. Anabwerera kummwera kwa dziko lake nayamba uphunzitsi, pozindikira kuti ana osowa sukulu anali pakhomo pomwepo. M'chaka cha 1898 anakwatiwa ndi Bambo Albertus Bethune, ndipo anabereka mwana mmodzi wamwamuna.

M'chaka cha 1904 Mayi Bethune anafika ku Daytona, kumene kunali mabanja ambiri a anthu akuda ogwira ntchito yomanga njanji, ana awo akungokhala osaphunzira. M'thumba mwawo munali dola imodzi ndi masenti 50 basi. Pa 3 Okutobala chaka chomwecho anatsegula sukulu ndi atsikana 5 pamodzi ndi mwana wawo uja. Mabokosi otayidwa ndiwo anali madesiki, timitengo topserera ndito tinali mapensulo, ndipo inki ankaipanga pofinya zipatso zakutchire. Pofuna ndalama, mphunzitsiyu ankaphika makeke a mbatata ndi kuwagulitsa kwa antchito. Patapita zaka ziwiri ana anachuluka kufika pafupifupi 250, kanyumba kaja nkuchepa. Malo amene anatha kugula anali dzala la tauni yonse, a mtengo wa madola 250, ndipo anayamba ndi kupereka madola 5. Padzala pomwepo, m'chaka cha 1907, panaima nyumba yoyamba ya sukuluyo yotchedwa Faith Hall.

Kwa Mayi Bethune ntchito ya mphunzitsi sinkathera pa bolodi. Poona kuti anthu akuda sankalandiridwa m'chipatala cha azungu, m'chaka cha 1911 anatsegula chipatala chaching'ono cha mabedi awiri, nachitcha McLeod pokumbukira makolo awo. Akazi a ku America atalandira ufulu woponya voti m'chaka cha 1920, mayiwa anayamba kuphunzitsa akuluakulu usiku kuti akhoze mayeso a kuwerenga amene ankaikidwa dala pofuna kutsekereza anthu akuda, ndiponso anasonkhetsa ndalama za msonkho umene munthu ankayenera kulipira asanavote. Usiku wina chisankho chitayandikira, gulu lankhanza la Ku Klux Klan linafika pasukulupo kudzaopseza. Mphunzitsiyu anaima poyera osathawa, atsikana ake akuimba nyimbo za Mulungu, ndipo tsiku la chisankho anatsogolera anthu ake kukavota.

Sukuluyo inaphatikana ndi ya Cookman ya ku Jacksonville m'chaka cha 1923, ndipo m'chaka cha 2007 inakhala yunivesite ya Bethune-Cookman. Mwini wake nayenso mbiri yake inafika patali. Anayambitsa bungwe la amayi la National Council of Negro Women m'chaka cha 1935, anakhala mlangizi wa Pulezidenti Franklin Roosevelt, ndipo anali nawo ku San Francisco m'chaka cha 1945 pokhazikitsa bungwe la United Nations. M'chaka cha 1952, ali ndi zaka 76, anafika ku Liberia monga nthumwi ya dziko lake pa mwambo wolumbiritsa Pulezidenti William Tubman. Ulendo umene anaukhumba ali mtsikana anauyenda ali ndi imvi.

Komabe kwawo kunali ku Daytona, m'nyumba yawo ya pasukulu pomwepo. Mdzukulu wawo wamwamuna anamulera okha monga mwana wobala, ndipo ophunzira ankangowatcha kuti amayi, pakuti paja mwana wa mnzako ngwako yemwe. Anamwalira m'nyumbamo pa 18 Meyi 1955, patangopita chaka chimodzi bwalo lalikulu la milandu litagamula kuti kulekanitsa ana m'sukulu chifukwa cha khungu nkosemphana ndi malamulo a dzikolo. Anaikidwa pabwalo la sukulu yawo. M'chaka cha 2022 chiboliboli chawo chinaimikidwa m'nyumba ya malamulo ku Washington, kuimira chigawo cha Florida.

Tsono pomaliza tiyeni tibwerere ku Mayesville. Mayi Emma Wilson, pophunzitsa mwana wa m'munda wa thonje kulemba dzina lake, sakanadziwa kuti akuyala maziko a yunivesite. Akuluakulu anati kupatsa nkuika, ndipo chimene mphunzitsi waika mwa mwana chimakatuluka mwa adzukulu amene iye sadzawaona. Inu amene mukumvera, ngati aphunzitsi amene anakugwirani dzanja polemba chilembo choyamba akali moyo, pezani tsiku mukawaone.