Police Academy ndi mafilimu oseka apolisi

Police Academy ndi filimu yanthabwala ya ku America yomwe inatuluka mu 1984, ndipo woitsogolera anali Hugh Wilson. Nkhani yake siitopetsa mutu. Meya wa mzinda wina walamula kuti sukulu yophunzitsa apolisi izilandira aliyense wofuna ntchitoyo, posayang'ana thupi kapena maphunziro ake. Posakhalitsa pasukulupo padzaza anthu omwe mkulu wa polisi wanzeru zake sakanawaveka yunifomu.

Maganizo a filimuyi anamufikira woipanga, Paul Maslansky, ali ku San Francisco pa nthawi yojambula filimu ina yotchedwa The Right Stuff, ataona ophunzira upolisi amisinkhu ndi maonekedwe osiyanasiyana akulondera pamalo ojambulirawo. Anakaijambulira ku Toronto pa ndalama zosakwana madola 5 miliyoni, koma ku America kokha inabweretsa oposa 80 miliyoni.

Chokoka anthu ndi ophunzirawo. Mahoney, yemwe anaseweredwa ndi Steve Guttenberg, analowa upolisi pothawa ndende, ndipo amachita chilichonse kuti amuchotse sukulu. Hightower ndi chimphona chofatsa chomwe kale chinkagulitsa maluwa. Womusewerayo, Bubba Smith, anali katswiri wa mpira wa ku America. Tackleberry sagona tulo osaganiza zamfuti, pomwe Hooks amalankhula motsitsa ngati wamanyazi mpaka tsiku lomwe amakuwa aliyense n'kunjenjemera. Koma woseketsa koposa ndi Jones, woseweredwa ndi Michael Winslow, yemwe ndi pakamwa pokha amatulutsa kulira kwa mfuti, sayirini ngakhale helikopita. Nthabwala zake sizifuna kuti woonera adziwe Chingelezi, n'chifukwa chake zinayenda kutali.

Mdani weniweni m'filimuyi si wakuba ayi. Ndi Harris, mphunzitsi wodzimva yemwe amayenda ndi kandodo m'manja n'kumakalipira aliyense. Akamupakira polishi pa chimkuzamawu iye n'kutsala ndi mzere wakuda kuzungulira milomo, kapena akagwa panjinga yamoto mutu n'kukalowa kumbuyo kwa hatchi, woonera amaseka munthu waudindo atachita manyazi popanda wovulala kwenikweni. Nthabwala zotere n'zotsika, ndipo filimuyi siyesa n'komwe kubisa zimenezo.

Olemba zamafilimu sanaikonde. Mmodzi wa iwo, Roger Ebert, sanaipatse nyenyezi ngakhale imodzi. Oonera sanasamale, moti panatuluka mafilimu 7, womaliza mu 1994 wojambulidwa ku Moscow, ngakhale kunena zoona nthabwala zinali zitasuluka kalekale Guttenberg atasiya pambuyo pa filimu yachinayi.

Kuseka apolisi pakanema sikunayambe pamenepo. M'zaka za m'ma 1910, Mack Sennett ankajambula a Keystone Cops, gulu la apolisi othamangitsana, kugundana ndi kugwa m'galimoto, m'mafilimu opanda mawu. Ku France, Louis de Funès anasewera wapolisi wamtima wapachala wa ku Saint-Tropez m'mafilimu 6 kuyambira 1964. Leslie Nielsen, mu The Naked Gun ya 1988, ankaseketsa mwa njira ina: kuchita zopusa nkhope ili gwa.

Super Troopers ya 2001, yopangidwa ndi gulu la Broken Lizard motsogozedwa ndi Jay Chandrasekhar, ndiyo inafika pachimake pa ulesi. Apolisi asanu apamsewu ku Vermont alibe chochita chenicheni, choncho amatayitsa nthawi poseweretsa oyendetsa galimoto. Wina amapikisana ndi mnzake kuti alira kangati ngati mphaka polankhula ndi dalaivala yemwe wamuimitsa. M'nyumba zoonetsera mafilimu inachita bwino pang'ono chabe, koma pa DVD inapeza oikonda ambiri. Mu 2015 anthuwo anasonkha madola oposa 4 miliyoni pa tsamba la intaneti la Indiegogo kuti pajambulidwe yachiwiri, yomwe inatuluka mu 2018.