Kodi Asilikali a Keyala Anachokera Kuti?

FUNSO: Kwathu kuno akuluakulu amakamba za agogo amene anapita ku Keyala, ena mpaka ku Burma. Kodi gululi linayamba liti, nanga linathera kuti? Wowerenga, Nsaru, Lilongwe.

YANKHO: Zikomo inu a ku Nsaru. Gululi silinathe ayi, linangosintha dzina ndi mbendera.

Keyala ndi KAR, King's African Rifles. Inayambira ku Zomba, kumene mkulu wa boma la atsamunda, Harry Johnston, anasonkhanitsa Asikh ochokera ku India pamodzi ndi Atonga ndi Ayao kuti agonjetse mafumu okana ulamuliro wa Angerezi ndi ochita malonda a akapolo. Mu 1896 gululo linatchedwa British Central Africa Rifles, ndipo pa 1 Januwale 1902 linalowa mu KAR, Nyasaland n'kupereka batalioni yoyamba ndi yachiwiri.

Anyamatawa anayamba kale kufera kutali. Mu 1900 anali ku Ashanti, m'dziko la Ghana lero. Mu 1903 ambiri a batalioni yachiwiri anathera pa Gumburu ku Somaliland, polimbana ndi Mohammed Abdullah Hassan. Alexander Cobbe, amene dzina lake lili pa Cobbe Barracks ku Zomba, analandira mendulo ya Victoria Cross pa nkhondo za kumeneko. Amene anagwa pambali pake sitiwatchula n'komwe.

Kenako inabwera nkhondo ya Chiwaya, nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Pa 9 Seputembala 1914 Keyala inabweza Majeremani pa Karonga, n'kuyamba kuthamangitsana ndi mtsogoleri wa asilikali awo, von Lettow-Vorbeck, ku Tanganyika ndi ku Mozambique mpaka 1918. Asilikali a dziko lino analipo pafupifupi 19,000, koma amtengatenga anafika cha m'ma 200,000. Apa mpamene midzi yambiri inalira. Boma linkauza mfumu chiwerengero cha amuna ofunika, ndipo wokana ankagwidwa ngakhale usiku. Munthu ankasenza bokosi la zipolopolo kapena thumba la ufa pamutu, wopanda nsapato, mvula ikumukwapula, chakudya chosakwana, kamwazi ali m'mimba. Ambiri anaikidwa m'mbali mwa njira, ndipo obwerera anapezananso ndi chimfine chachikulu cha 1918. Ine ndimaona kuti amenewa ndiwo anasenza nkhondo yonseyo, ndipo ndi amene tawaiwala kwambiri. John Chilembwe anali atachenjeza kale, m'kalata yake ya Novembala 1914 yopita ku Nyasaland Times, kuti Aafirika akufera nkhondo imene sadzapindula nayo.

Agogo anu a ku Burma ndi a nkhondo yachiwiri. Mu 1940 batalioni yoyamba inalimbana ndi Mataliyana pa Moyale, pamalire a Kenya ndi Ethiopia, ndipo n'chifukwa chake ku Mzuzu kuli Moyale Barracks. Ena anapita ku Madagascar mu 1942. Mu 1944 anali mu 11th East African Division, akutsata Ajapani m'chigwa cha Kabaw nthawi ya dzinja, matope m'mawondo, malungo akugwetsa anthu tsiku ndi tsiku. Kuyambira 1952 anatumizidwanso ku Malaya.

Ufulu utabwera mu 1964, batalioni yoyamba inasanduka Malawi Rifles. Ana ake ndiwo analondera njanji ya ku Nacala pa nkhondo ya ku Mozambique, analanda zida Apayoniya mu Operation Bwezani ya Disembala 1993, ndipo kuyambira 2013 anali m'gulu la United Nations lothira nkhondo zigawenga ku Congo, kumene asanu ndi mmodzi anaphedwa pafupi ndi Beni mu Novembala 2018.

FUNSO: Nanga n'zoona kuti mganda unachokera kwa asilikali amenewa?

YANKHO: N'zoona, mganda ndi malipenga a kunyanja zonse zinatengera perete ya asilikali, ndipo zinafala nkhondo yoyamba itatha. Mukadzaonerera mganda ku Nsaru kapena ku Kabudula mudzayang'anitsitse: amuna m'mizere yowongoka, makabudula ositidwa bwino, masokosi ofika m'mawondo, ng'oma yaikulu pakati, badza wa chikho akulira m'malo mwa lipenga la mkuwa. Magulu ambiri amakhala ndi maudindo akeake, kingi ndi kaputeni, monga zinalili ku Keyala.