Malo a atomu imodzi: mbiri ya mankhwala a chlorophenol

Pa botolo la mankhwala ophera udzu amene alimi ambiri a chimanga ndi nzimbe amapopera m'minda mwawo pamalembedwa kuti 2,4-D. Manambalawo sanaikidwepo mongokongoletsa ayi. Akunena malo amene maatomu awiri a chlorine akhala, ndipo mbiri yonse ya mankhwala a chlorophenol, zabwino ndi zoipa zake, yagona pa nkhani ya malo imeneyi.

Kholo la mankhwalawa ndi phenol. Friedlieb Ferdinand Runge wa ku Germany anaipeza mu 1834 m'phula lakuda limene limatsala akamawotcha malasha, ndipo mu 1841 Auguste Laurent wa ku France anaiyenga kuti ikhale payokha. Pofika mu 1865, dokotala Joseph Lister anali atayamba kuigwiritsa ntchito potsuka mabala ku Glasgow, ndipo odwala amene akanafa ndi zilonda zonyeka opaleshoni itatha anayamba kuchira. Koma phenol imawotcha khungu, choncho akatswiri anayesa kuiphatikiza ndi zinthu zina. Anapeza kuti chlorine imaiwonjezera mphamvu yopha tizilombo.

Phenol ili ngati bwalo la mipando isanu ndi umodzi. Mpando woyamba uli kale ndi mwini wake, isanu yotsalayo chlorine angathe kukhalapo. Akakhala pa umodzi, pamatuluka mitundu itatu ya mankhwala malinga ndi mpando umene wasankha. Akakhala pa iwiri, mitundu isanu ndi umodzi. Kuwerenga yonse mpaka mipando itadzaza, mitundu imakwana 19. Imene ili ndi maatomu ofanana ndendende koma okhala malo osiyana, akatswiri amaitcha ma isomer. Ofananawo amasiyana kasungunukidwe, ntchito, ngakhale kapangidwe kake m'fakitale.

Ambiri mwa mankhwalawa munthu wamba sawaona. Amachoka m'fakitale ina m'migolo kupita ku ina kuti akapangire utoto, mankhwala a m'chipatala ndi a m'munda. Ofika m'manja mwa anthu ndi ochepa. Dettol, amene anayamba kugulitsidwa ku Britain mu 1933, mphamvu yake imachokera ku chloroxylenol, wachibale wa banja lomweli. Pentachlorophenol, wodzaza mipando yonse isanu, anayamba kupakidwa pa matabwa ndi mapolo a magetsi m'zaka za m'ma 1930 kuti chiswe ndi nkhungu zisawadye.

Msika waukulu unabwera ndi nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Ofufuza ku Britain, pa Jealott's Hill ndi pa Rothamsted, komanso anzawo ku America, anapeza kuti mankhwala opangidwa kuchokera ku 2,4-dichlorophenol amanyenga zomera za masamba otambalala kuti zikule mosalongosoka mpaka kufa, koma chimanga, tirigu ndi mpunga n'kutsala. Mu 1945 2,4-D anafika m'masitolo ku America. Aliyense amene anapalirapo munda ndi khasu m'mwezi wa Januwale akudziwa kukula kwa chinthu chimenechi.

Mnzake anali 2,4,5-T, woposa ndi atomu imodzi yokha ya chlorine, wamphamvu popha zitsamba ndi mitengo. Vuto linali pa kapangidwe. Kuti apeze 2,4-dichlorophenol amangodutsitsa chlorine mu phenol. Koma 2,4,5-trichlorophenol, wopangira 2,4,5-T, satheka mwa njira imeneyo, chifukwa chlorine safuna kukhala pa mpando wachisanu. Ankayambira ku mankhwala ena, tetrachlorobenzene, n'kuwaphika ndi soda wamphamvu pa moto waukulu. Kutentha kukapyola muyeso, tizigawo tiwiri ta trichlorophenol timalumikizana n'kupanga dioxin ya mtundu wa TCDD, imodzi mwa poizoni woopsa kwambiri amene anthu anapangapo.

Oyamba kulawa ululu wake anali antchito. Mu 1949 ku Nitro, m'chigawo cha West Virginia, thanki ya kampani ya Monsanto inaphulika, ndipo antchito ambiri anatuluka zotupa zosamva mankhwala kumaso ndi m'khosi, matenda otchedwa chloracne. Zomwezo zinachitika ku fakitale ya BASF ku Ludwigshafen mu 1953. Mu 1957 Karl Heinz Schulz, dokotala wa khungu ku Hamburg, anaonetsa kuti woyambitsa ndi TCDD. Chaka chimenechi n'chofunika kuchisunga m'mutu, pakuti zonse zotsatira zinachitika choonadi chikudziwika kale. Kuyambira mu 1962 mpaka 1971 ndege za asilikali a America zinapopera nkhalango ndi minda ya ku Vietnam, ndipo mankhwala ochuluka anali Agent Orange, theka 2,4-D theka 2,4,5-T. Ntchito yoyeretsa dothi loipitsidwa ndi dioxin m'dzikomo pa bwalo la ndege la Da Nang inatha mu 2018; ya ku Bien Hoa inayamba mu 2019.

Kenako kunabwera ngozi ya ku Seveso. Loweruka pa 10 Julayi 1976, ku fakitale ya ICMESA m'tauni ya Meda, kumpoto kwa Milan, ankaphika 2,4,5-trichlorophenol woti akapangire hexachlorophene, mankhwala opha tizilombo oika mu sopo. Antchito anaimitsa ntchito ili pakati chifukwa inali nthawi yoweruka kumapeto a sabata. Makina otakasa anazimitsidwa, madzi oziziritsa sanathiridwe. Thankiyo inapitiriza kudzitenthetsa yokha mwakachetechete, ndipo cha m'ma 12:37 masana chotsekera chinaphulika. Mtambo unatuluka padenga, mphepo n'kuukankhira ku Seveso ndi matauni oyandikana nawo.

Anthu anamva fungo loipa, koma moyo unapitirira. Ana ankasewerabe panja. Patapita masiku ochepa masamba anayamba kufota, akalulu ndi nkhuku kufa m'makola, ana kutuluka zilonda kumaso. Panadutsa masiku oposa sabata kampaniyo isanatchule mawu oti dioxin, ndipo kusamutsa anthu kunayamba pa 26 Julayi. Oposa 700 anasiya nyumba zawo. Ziweto pafupifupi 80,000 zinaphedwa kuti poizoni asalowe m'zakudya. Nyumba za pamalo oipitsitsa zinagwetsedwa, dothi linapalidwa n'kukwiriridwa m'maenje awiri aakulu, ndipo pamwamba pake anadzala nkhalango ya Bosco delle Querce. Kwa ine, masiku amene makolo anasiyidwa osadziwa kanthu ndi olemera kuposa kuphulikako.

Mu 1982 mayiko a ku Ulaya anakhazikitsa lamulo lotchedwa Seveso, lokakamiza mafakitale osunga mankhwala oopsa kuti azidziwitsa boma ndi kukonzeratu chochita ngozi ikagwa. America inaletsa 2,4,5-T kotheratu mu 1985. Koma 2,4-D akugwirabe ntchito m'minda ya padziko lonse, ngakhale wopopera ayenera kuvala zodzitetezera, chifukwa amawononga maso.

Pentachlorophenol ndiye anachedwa kuchoka. Nayenso amatuluka m'fakitale ali ndi dioxin pang'ono, ndipo mu 2015 anaikidwa pa mndandanda wa mankhwala oti athetsedwe pansi pa Pangano la Stockholm, kupatula pa mapolo a magetsi kwa kanthawi. Mapolo mamiliyoni opakidwa mankhwalawa adakali chilili m'misewu ya ku America ndi ku Canada. Akazulidwa saloledwa kusanduka nkhuni, chifukwa moto wamba umatulutsanso dioxin mu utsi ndi m'phulusa.