Makorali a m'gombe la kum'mawa kwa Africa

Makorali ndi tinyama ta m'nyanja ya mchere timene timakhala mothithikana m'magulu. Mitundu yambiri imapanga chigoba cholimba cha laimu, ndipo zigobazi zikaunjikana kwa zaka zikwi zambiri zimasanduka matanthwe a pansi pa nyanja. M'nyanja ya Malawi mulibe makorali chifukwa madzi ake alibe mchere. Kum'mawa kwa Africa, matanthwewa amapezeka m'gombe la Indian Ocean, kuyambira ku Somalia, Kenya, Tanzania ndi Mozambique mpaka kumpoto kwa KwaZulu-Natal ku South Africa. Koma kuchuluka kwa makorali ndi mitundu yake kumasiyana malo ndi malo.

Zimene makorali amafuna

M'thupi mwa makorali omanga matanthwe mumakhala ndere zing'onozing'ono zotchedwa zooxanthellae. Nderezi zimapanga chakudya pogwiritsa ntchito kuwala kwa dzuwa n'kumagawirako makoraliwo, komanso ndi zimene zimawapatsa mtundu. N'chifukwa chake makorali amakula bwino m'madzi osaya, oyera ndiponso ofunda madigiri 23 mpaka 29.

Kumene kuli mitundu yambiri

Kafukufuku amene David Obura anafalitsa mu 2012 anapeza mitundu 369 ya makorali kumadzulo kwa Indian Ocean. Malo a kumpoto kwa Mozambique Channel, monga ku Nacala, anali ndi mitundu pakati pa 250 ndi 300, pomwe kumpoto kwa Kenya inali yochepa kuposa pamenepo. Chifukwa chimodzi ndi mayendedwe a madzi. Mtsinje wa m'nyanja wotchedwa South Equatorial Current umachokera kum'mawa utanyamula mphutsi za makorali, ndipo umagunda gombe pafupi ndi malire a Tanzania ndi Mozambique usanagawikane.

Kumene kuli ochepa

M'chigawo chapakati cha Mozambique matanthwe a makorali ndi osowa. Mitsinje ikuluikulu monga Zambezi, womwe umalandiranso madzi a Shire, imathira matope ndi madzi opanda mchere m'nyanja. Matope amatchinga kuwala ndiponso amakwirira makorali. Ku Kenya, matanthwe a ku Malindi amalandira matope a mtsinje wa Sabaki, pomwe a ku Watamu, omwe ali kum'mwera kwake, sakhudzidwa kwenikweni. Kumpoto kwa Somalia, madzi ozizira otumphuka kuchokera pansi amalepheretsa matanthwe kukula. Ku Sodwana Bay, kumapeto kwa dera la makorali cha kum'mwera, mbali yaikulu ya matanthwe yakutidwa ndi makorali ofewa.

Usodzi

Ku Kenya, malo otetezedwa a Malindi ndi Watamu anakhazikitsidwa mu 1968. Akatswiri anaona kuti kunja kwa malo otere, kumene asodzi agwira kwambiri nsomba, kumachuluka kanyama ka minga kotchedwa Echinometra mathaei chifukwa nsomba zokadya zachepa. Kanyamaka kamapala matanthwe pofuna ndere, choncho amaperepeseka. Ku Tanzania, usodzi wa mabomba unaphwanya matanthwe ambiri. Malo ena otetezedwa ndi Mafia Island Marine Park ya ku Tanzania, yomwe inakhazikitsidwa mu 1995, ndi Quirimbas National Park ya ku Mozambique, ya mu 2002.

Kutentha kwa madzi

Madzi akatentha mopitirira kwa masabata angapo, makorali amatulutsa ndere zija n'kuyera, ndipo kutenthako kukapitirira amafa. Mu 1998, nthawi ya El Niño, matanthwe ambiri a ku Kenya anataya makorali oposa theka. Mitundu ya nthambi monga Acropora ndi imene inafa kwambiri, pomwe ya Porites, yooneka ngati chulu, inapirirako. Motero malo ena anatsala ndi mitundu yopirira yokhayokha.

Kufunika kwake

Matanthwe a makorali ndi mobisalamo ndi moswerana nsomba zimene anthu a m'gombe amadalira pa ndiwo ndi pa malonda. Amachepetsanso mphamvu ya mafunde asanafike kumtunda, ndipo amakopa alendo ku Zanzibar, Mombasa ndi Pemba. Kumene makorali afa, matanthwe amagumuka pang'onopang'ono ndipo nsomba zodalira iwo zimachepa.