Bwalo la Chionetsero la ku Tripoli

M'chaka cha 1962 boma la Lebanon lidaitana Oscar Niemeyer, katswiri wa mapulani a nyumba wa ku Brazil, kuti alinganize bwalo la chionetsero cha zamalonda mumzinda wao wa Tripoli. Iye adajambula zinyumba za simenti zopanda zokometsera: chidenga chachitali chokhota ngati uta, ndi nyumba ya zisudzo yonga chipanda chovundikira. Ntchito ili m'kati, nkhondo yapachiweniweni idabuka mu 1975, amisiri nabalalika. Pambuyo pake asilikali a ku Syria adasandutsa malowo msasa wao.

Chimene chimandikoka mtima ine m'mbiri imeneyi si zinyumba zikuluzikuluzo ai, koma kanyumba ka alendo kapansipansi. Tripoli ndi mzinda wa akalipentala kuyambira kale, ngakhale malonda ao adali atalowa pansi. Mu 2018 kanyumbako adakakonza nakapereka kwa amisiri a matabwawo, dzina lake Minjara. M'mene mudali zii mudayamba kulira macheka. Ntchitoyi idalandira mphotho ya Aga Khan mu 2022.

Zinyumba zinazo sizidaone mwai wotere. Mu 2023 UNESCO idalemba bwalo lonselo m'gulu la chuma cha dziko lapansi chimene chili pangozi, popeza simenti idali kugumuka, zitsulo za m'kati zili pamtunda kuchita dzimbiri.